Mbendera pa denga la lendi

Nsalu ya chipani siopsa munthu ku Ndirande. Loweruka m'mawa madzi akatuluka pampopi, chingwe chimodzi cha pampanda wa nyumba za lendi chimatha kunyamula zipani zonse zimene taziona chiyambire 1994: yachikasu ya UDF yosulukiratu, imene pano amayala pamphasa; yabuluu ya chimanga; ya olenji ya masiku a Amayi, yomwe inasanduka katani wa pakhomo la bafa; yofiira ya UTM; ngakhale ya tambala wakuda. Kawirikawiri zonsezi zimakhala za mayi mmodzi. Sikuti mayiyo ndi wa mitima iwiri ayi. Amadziwa mtengo wa nsalu mumsika wa Limbe, ndiye yaulere ikabwera pa Desert ku Bangwe kapena pa Njamba amalandira ndi manja awiri, n'kukaberekera mwana. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa andale kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma nsalu ndi matisheti linazisiya. Zikubwerabe, ndipo aliyense pampanda amadziwa kuti chimene mayi wamanga m'chiuno sichinena pamene akachonge tsiku la voti.

Mbendera ndiye ili ndi mlandu. Iyo sibwera mwangozi. Munthu amachita kukadula nsungwi, kubwereka makwerero kwa akalipentala, kukwera, n'kumanga ndi waya kuti mphepo ya Chiperoni isaigwetse. Akamatsika amakhala atayankhula, ndipo mawu ake amamveka mpaka kumsewu: nyumba ino ndi ya akutiakuti. Kukanakhala ku Namiwawa kapena ku Sunnyside, kumene banja limodzi lili ndi mpanda wake, geti lake ndi agalu ake, bwenzi palibe nkhani. Koma ku Goliyo, ku Makata, ku Ntopwa, ku Nthukwa, nyumba ndi mdadada wa zitseko zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pansi pa malata amodzi. Mpopi umodzi, bafa limodzi, mita imodzi ya magetsi imene mumasonkherana mayunitsi mokangana mwezi ndi mwezi. Khomo loyamba muli wa ku Thyolo, lachiwiri wa ku Mangochi, lachitatu mphunzitsi wa ku Dowa, lachinayi mnyamata wa kabaza wochokera ku Nsanje, lomaliza namwino wa ku Rumphi. Nanga mbendera ili pamwambayo ikuyankhulira ndani?

Funsoli linatipeza ku Bangwe, chisankho cha 2019 chikuyandikira. Alandilodi athu, bambo wabwino ndithu, wosavuta ngakhale lendi ichedwe, anali m'komiti ya chipani m'deramo. Tsiku lina tinadzuka n'kupeza mbendera ikupepera pa denga la mdadada wathu, osati la nyumba yawo, poti lathu ndi limene linayang'ana kumsewu. Mtundu wa mbenderayo ndiusunga. M'tauni muno mbendera zasinthana madenga mokwanira, aliyense angoikapo imene iye amaipidwa nayo. Palibe anayankhula. Moni wa m'mawa tinkapatsana monga kale, maso n'kumathawira kudenga. Amene anatsegula pakamwa anali mkazi wa mphunzitsi wa khomo lachitatu, akutsuka mbale limodzi ndi mayi a kunyumba kwanga. "Anzanga, kodi chili pamwambacho ndi chathu tonse?" Anafunsa motsitsa mawu. Mwamuna wake anali wa m'boma, wosayenera kuonetsa mbali, komanso wochokera kuchigawo chimene aliyense pampandapo ankati akudziwa kale kumene chimavota.

Ine mtima unagawikana, ndipo chifukwa chake n'chakalekale. Ndinakulira ku Ndirande m'masiku amene kuonetsa mbali linali lamulo. Pageti la msika pankaima a Yufi a malaya ofiira, ndipo wopanda khadi la chipani ankabwerera ndi dengu lopanda kanthu. Kukwera basi chimodzimodzi. M'sitolo iliyonse munali chithunzi cha Ngwazi, ndipo panalibe chololedwa kupachikidwa pamwamba pake, ngakhale wotchi. Amayi athu anali mbumba, afune asafune: lole ikafika ankasiya mphika pamoto, kumanga nsalu ya nkhope ya Kamuzu n'kukavina ku sitediyamu. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula khadi, analetsedwa mu 1967. Mu 1972 nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, ena kuphedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique. Chimene akuluakulu sakonda kuchikamba n'chakuti munthu wochokera kutali sakanalidziwa khomo la wa Mboni. Panali wina wapafupi amene analoza.

Kenako zinthu zinagwedezeka. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi. M'Meyi chaka chomwecho ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead, kuseri kwa Ndirande komweko, ananyanyala ntchito pa nkhani ya malipiro, mkwiyo wa zaka zambiri n'kusefukira m'misewu, ndipo anthu pafupifupi 40 anafa. Pa 14 Juni 1993 nyali inagonjetsa tambala pa riferendamu, ndi mavoti oposa 63 pa 100 alionse. Ndimakumbukira abambo akuluakulu a ndevu zawo akuyenda mumsewu dzuwa likuswa mtengo, nyali ili m'manja, zala ziwiri zili m'mwamba. Amene anaona zimenezo sangamuuze mnzake mwachibwana kuti tsitsa mbendera yako. Ndimatopa nawo anthu amene amati ndale n'zonyansa, zisiyeni kunja kwa mpanda. Onena zimenezi nthawi zambiri ndi amene mtengo wa thumba la chimanga suwadzutsa usiku. Ku Zingwangwa ndale sizidikira kuitanidwa. Zimalowa zokha ndi mtengo wa shuga, ndi mzere wa petulo umene wagoneka minibasi ya bambo pa filing'i, ndi mpopi wouma sabata yathunthu.

Komabe chimene chinalakwika nthawi ya khadi sanali tambala. Kunali kukakamiza. Ufulu umene tinavotera mu 1993 ndi wokweza mbendera yako, ndipo ndi womwewonso wokana kugona pansi pa mbendera ya mnzako. Woyambawu tinaugwira msanga. Wachiwiriwu wa lendi alibe mpaka lero. Ambirife tinalowa m'nyumba zimenezi popanda pepala lililonse, mgwirizano wa pakamwa basi, ndipo landilodi akakwiya safunika khoti. Amangoti mwezi wamawa mwana wanga akubwera kudzakhala m'menemo, kapena kuti lendi yakwera. Ndiye wa lendi akakhala duu pansi pa mbendera, tisamati wavomera. Wawerengera mtengo wa lole yosamukira, miyezi yolipiriratu kunyumba yatsopano, sukulu ya ana imene ili pafupi, n'kuona kuti kuli bwino kumeza.

Mantha a mkazi wa mphunzitsi uja sanali ongopeka. Mwala ukaponyedwa padenga suwerenga zitseko. Zotsatira za chisankho cha Meyi 2004 zitatuluka, a Bingu wa Mutharika atapambana ndipo otsatira a Gwanda Chakuamba akukana, m'makwalala a Blantyre munali utsi ndi mfuti, ndipo ku Chilomoni mtsikana wa zaka 10 anafa ndi chipolopolo cha apolisi. Mwanayo analibe chipani. Pa 19 Julaye 2011 anyamata onyamula zikwanje anazungulira mzinda uno pa magalimoto a chipani cholamula, kuopseza amene ankakonzeka kukachita zionetsero mawa lake atavala zofiira. M'masiku awiri otsatira anthu 20 anafa m'dziko muno. Choopsa kwambiri kwa ine chinachitika ku Area 24 ku Lilongwe m'Meyi 2020. Anthu anaponya bomba la petulo usiku pa nyumba imene munali ofesi ya UTM, koma m'nyumba yomweyo munkagonanso banja. Bambo, mayi ndi mwana wawo anamwalira ndi mabala a moto. Oponyawo anaona makaka a chipani pakhoma. Za amene anagona kuseri kwa khomalo sanafunse.

Mayina a anyamatawa amasintha ndi boma. Tinali ndi a Yufi ndi Apayoniya, kenako ma Young Democrats a nthawi ya a Muluzi, kenako makadeti, ndipo m'Juni 2025, boma lili m'manja mwa ena, zikwanje zinaonekanso ku Lilongwe zikutema ochita zionetsero apolisi ali chiimire. Palibe chipani chimene chinalawako boma chimene chingasambe m'manja. Koma ndikamaganiza za pampanda pathu, chondikhudza n'chakuti woponya mwala kawirikawiri si neba wako. Amabwera pa lole, atapatsidwa ya kachasu, ndipo madzulo amabwerera kwawo. Amene amatsala ndi malata obooka ndinu nonse amene munagona pansi pake. Chowawa china n'chakuti mnyamata wa pakhomo lachinayi, amene amakutungirani madzi mukadwala, mwina iyenso anakwera lole ina tsiku lomwelo kukaponya miyala ku dera la anthu ena.

Pali chinthu chimene chimandidabwitsa. Mzinda uno unazolowera kale kukhala ndi zofiira ndi zabuluu pampanda umodzi. Wa Maule ndi wa Manoma amanyozana chaka chonse, kuyambira pa bawo mpaka pa maliro, ndipo Bullets ikagonja wa Wanderers amachita kukagogoda pakhomo m'mamawa kudzafunsa ngati mwadzuka bwino. Palibe amasamuka chifukwa cha zimenezo. Nanga bwanji pa ndale mitundu yomweyo imatentha chonchi? Ndikuganiza kuti n'chifukwa chakuti timu yako ikagonja, benchi lako la mumsika limakhalabe lako. Pa ndale anthu amakhulupirira, ndipo ali ndi zifukwa, kuti wopambana amatenga zonse: amene atolere ndalama pa siteji ya minibasi, amene alembedwe pa ngongole za boma, amene aitanidwe pa kaganyu ka mumsewu. Mbendera ya alandilodi athu sinali chikondi chokha. Inalinso chikalata chofunsira ntchito, chopachikidwa poti akuluakulu a chipani akamadutsa achione. Izi sindikuwanyoza nazo. Munthu wa ana asanu ndi awiri amafesa paliponse pamene pangamere.

Ndiye pali mbendera ina imene munthu sangaitsitse: dzina lake ndi lilime lake. Chiyambire 1994, pamene kumpoto kunavotera a Chakufwa Chihana, pakati a Kamuzu Banda, kummwera a Bakili Muluzi, tinazolowera kumuvotera munthu m'mitima mwathu tikangomva kwawo. Ukayankha foni m'Chitumbuka pampopi, anzako atha kale kuwerenga. Ukakhala Mlomwe ndiwe wabuluu, Myao ndiwe wachikasu, wa ku Kasungu ndiwe wa tambala, ngakhale usanatsegule pakamwa. Kuganiza kumeneku kunatenthetsa mizikiti kumpoto chisankho cha 1999 chitatha, ngati kuti Msilamu aliyense ndi amene anawerenga mavoti. Chonsecho masamu ake amalephera. Mu 2009 a Bingu anapeza mavoti 66 pa 100 alionse, ochokera m'zigawo zonse. Mu 2025 a Peter Mutharika anapeza pafupifupi 57 pa 100, ndipo chiwerengero chimenecho sichingakwane ndi a ku Thyolo ndi ku Mulanje okha. Anthu amavota ndi m'mimba, ndi mkwiyo, ndi chiyembekezo, koma pampanda timapitirizabe kuwaweruza ndi mudzi wa agogo awo.

Nkhani ya mbendera yathu inatha mwa Chimalawi, mozungulira. Palibe wa lendi anapita kwa alandilodi. Azimayi anakauza agogo ena a kuseri kwa mpanda, mayi wachikulire wa Mvano amene anawaona alandilodiwo akuyenda opanda kabudula, ndipo agogowo anadikira mpaka Lamulungu madzulo, n'kubwera ngati odzacheza. Tinkamva tili m'nyumba. Alandilodi anakweza mawu pang'ono: "Ndiye amayi, mukundiuza kuti ndisaoneke pamalo panga pomwe?" Agogo aja sanafulumire. "Iyayi bambo, malo ndi anu, palibe akukana. Koma tulo tili pansi pa malata awo ndi ta ana a eni. Mukafuna kuoneka, onekerani pamene mumagona inuyo." Mawa lake mbendera inasamukira pa okala yawo ya pageti, imene inali yawoyawo ndipo usiku simunkagona munthu. Inkaonekabe kumsewu, mwinanso bwino kuposa kale. Alandilodi anakhala masiku angapo akuyankha moni ndi mphuno, kenako zinatha.

Ndingakonde kunena kuti pamenepo mtendere unabwera, koma chimene chinabwera ndi bata. Mkazi wa mphunzitsi uja anali ndi nsalu yake ya chipani china, yopatsidwa ndi achemwali ake kumudzi. Mayi a kunyumba kwanga ndi amene anaiona, itayanikidwa m'chipinda pa chingwe cha neti ya udzudzu. Pachingwe cha panja, pamene nsalu za zipani zina zinkauluzika popanda wofunsa, iyo sinafikepo. Kwa mayi wa ku Thyolo nsalu inali nsalu basi. Kwa iye, chifukwa cha kwawo, nsalu yomweyo ikanakhala umboni. Kuyambira pamenepo ndikamva munthu akudzitama kuti kwathu kuno sitikangana za ndale, ndimafuna kudziwa kuti ndani akuyanika m'nyumba. Pampanda pamene onse akuoneka ogwirizana, nthawi zambiri pamakhala mmodzi amene akulipira mgwirizanowo ndi pakamwa pake.

Chimene chimatigwira kuti tisadyane si kubisa maganizo. Ndi ngongole zimene tili nazo kwa wina ndi mnzake. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku, amene amadzuka kukasaka galimoto yopita ku Gulupu ndi neba. Maliro akagwa, masamba akaikidwa pamsewu, nthumwi ya amfumu imayenda ndi kope khomo ndi khomo, ndipo kopelo lili ndi mzere wa dzina ndi wa ndalama basi. Azimayi amasonkha ufa ndi nkhuni, azibambo timagona panja pamoto, ndipo amene sabwera pa maliro a anzake amadziwa yekha chimene chidzamuchitikire tsiku lake. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo m'tauni mwambiwu suchedwa kukwanira. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche m'Marichi 2023, oyamba kufukula anthu m'matope ku Chilobwe anali aneba ndi makasu awo. N'chifukwa chake zimandinyansa zipani zikamalowerera maliro: amayi a makaka akundandalika kutsogolo kwa a mpingo, akuluakulu awiri akulimbirana kugula bokosi, wolankhula m'malo mwa phungu akusandutsa chipepeso kukhala msonkhano. Ngati malemuyo anali wa chipani, chabwino, anzake amulire m'makaka awo. Koma kubweretsa nsalu pa maliro a munthu amene sanaivalepo ndi kukwezanso mbendera pa denga la mwini, ulendo uno mwini wake sangathenso kudandaula.

Pa tsoka aliyense amakhala munthu. Poyesera penipeni ndi usiku wa zotsatira. Pa 3 Febuluwale 2020 tinakhala tsiku lonse makutu ali pa wailesi, oweruza asanu akuwerenga chigamulo chimene chinafafaniza chisankho cha tipeksi. M'Juni chaka chomwecho a Lazarus Chakwera atapambana chisankho chachibwereza, m'madera ambiri a Blantyre munali zii, osangalala akusangalalira m'nyumba. Pa 24 Sepitembala 2025 zinatembenuka: malikhweru, mavuvuzela, njinga za kabaza zikulira usiku wonse, ndipo amene anavina mu 2020 anatseka mawindo. Kuvina sikulakwa, munthu amene wapirira zaka zisanu ali pamzere wa shuga ndi petulo avine ndithu. Lamulo limene ndinalimva kwa agogo a ku Bangwe aja ndi limene ndimaligwiritsabe: kavinireni kumsewu, osati pakhomo pa mnzanu. Kumsewu ukusangalalira chipani chako. Pakhomo pa mnzako ukumuvinira iyeyo, ndipo adzakumbukira ngakhale boma litasintha kawiri.

Eni ake a mbenderazi sasungirana chakukhosi monga timachitira ife. Mu 1994 a Kamuzu anavomera kugonja pa wailesi kuwerenga mavoti kusanathe. Mu 2025 a Chakwera anaimbira foni a Mutharika kuwafunira zabwino bungwe la MEC lisanalengeze. A Chakuamba, amene anthu anawamenyera m'misewu mu 2004, chaka chotsatira anali nduna m'boma la a Bingu. Mu 2009 a Muluzi, amene anagwetsa MCP, anauza anthu awo kuti avotere a John Tembo a MCP yomweyo. A Bingu atamwalira m'Epulo 2012, aphungu ndi nduna zimene dzulo lake zinali zabuluu zinadzuka zili za olenji maliro asanaikidwe n'komwe. Mu 2020 a Atupele Muluzi anaima limodzi ndi a Peter Mutharika, chikasu ndi buluu pa galimoto imodzi. Ndikudziwa amayi awiri ku Chilomoni amene anasiya kubwerekana sefa mu 2005, nthawi imene a Bingu anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP. Zipani zawo zinadzagwirizana patapita zaka 15. Iwo mpaka pano amadutsana pa chigayo ngati sadziwana.

Pano ndimakhala ku Machinjiri, m'kanyumba kangakanga, kopanda landilodi. Nditangolowamo ndinkati tsopano denga ndi langa, ndikafuna mbendera ndikweza. Maganizo anga sindibisa. Aneba akandifunsa pa bawo ndimawauza amene ndinamuvotera ndi chifukwa chake, iwonso amandiuza, timakangana mpaka mdima, wina n'kunyamuka kukagula mtedza wa tonse. Tisheti ndimavala ndikafuna, poti thupi ndi langa. Koma nsungwi sindinadule. Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chisanafike, mwana wanga wamkazi, amene anali kukavota koyamba, anandiuza pa chakudya cha madzulo kuti munthu amene ine ndimamufuna iye samufuna, ndipo anandiwerengera zifukwa zake mopanda mantha, zina mwa izo zomveka ndithu. Mayi ake anakana kutiuza mbali yawo, mpaka lero. M'nyumba ya zipinda zitatu muli mavoti atatu, ndipo ine ndikudziwapo awiri okha. Mwanayo wanena kale kuti mu 2030 adzamata chithunzi cha munthu wake pa chitseko cha kuchipinda kwake. Mayi ake anamuyankha kuti palibe vuto, bola akagule yekha utoto wodzapakanso chitsekocho munthu wakeyo akadzasamukira chipani china.